Bwalo la ndege la Mzuzu ndi la ndani kwenikweni?

Mukafunsa mnyamata wa ku Chibavi kuti bwalo la ndege la Mzuzu limamuthandiza chiyani, akhoza kungoseka n'kuyankha kuti ndi malo odutsa polowera m'tauni. Bwaloli lili pakati penipeni pa nyumba za anthu, ndipo ambiri mwa iwo sanakwerepo ndege yonyamuka pamenepo.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Mzuzu muli anthu oposa 220,000, pomwe chigawo chonse cha kumpoto chili ndi anthu pafupifupi 2.3 miliyoni. Bwalo lalikulu la anthu onsewa lili ndi msewu wothamangapo ndege wosakwana kilomita imodzi ndi theka, moti ndege zikuluzikulu sizingatere. Kale Air Malawi inkafika ku Mzuzu ndi ku Karonga, koma kampaniyo idatha mu 2013.

Zotsatira zake? Wa ku Mzimba amene ali ndi ulendo wa pandege wa ku Joni ayenera kuyamba wakwera basi, makilomita oposa 200 mumsewu wa M1, kuti akafike pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi.

Ndikudziwa ena mukuti, "Aaa, za ndege n'za mabwana izo, ife bola bandulo." Ine ndikuona mosiyana. Mzungu wofuna kukaona Nyika, Vwaza kapena gombe la Chintheche akaona kuti ulendo ndi wautali, amangothera ku Mangochi. Amene waluza ndi mnyamata wa takisi, mayi wophika mu loji ndi wosema ziboliboli wa ku Nkhata Bay. Wodwala mwakayakaya amene akufunika madokotala a ku Queens ku Blantyre naye amadalira ambulansi yoyenda maola ambirimbiri pamsewu.

Palinso nkhani ya chitetezo. Pa 10 June 2024, ndege ya asilikali yomwe idanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima idalephera kutera pabwaloli chifukwa cha nyengo yoipa. Idakagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndipo anthu 9 onse adamwalira. Aliyense wa ku Mzuzu amadziwa kuti nkhungu ndi mvula yowaza ndi za masiku onse nyengo yozizira. Bwalo la mzinda wotere limafunika zipangizo zamakono zounikira nyengo ndi zotsogolera woyendetsa ndege.

Malonjezo a bwalo latsopano tawamva pamisonkhano ya kampeni kangapo. Lonjezo likabweranso, tisamangoimba m'manja. Tifunse: ndalama zake zili mu bajeti iti? Limangidwa pati? Eni minda alandira chipukutamisozi chotani, ndipo liti? Ntchito zomanga ndi zoyendetsa bwalolo apeza ndi ana a kumpoto kapena obwera?

Aphungu athu ali pa Facebook ndi pa WhatsApp. Foni yomwe mukuwerengera nkhaniyi ndi yokwanira kuwatumizira mafunso amenewa lero lomwe.