Zimene diso la kadziwotche laphunzitsa opanga sola

Ambirife timaganiza kuti chinthu chikamanyezimira ndiye kuti n'chapamwamba. Koma pa nkhani ya mapanelo a sola, ine ndimati kunyezimira n'kuluza. Kuwala kulikonse kumene kukukuthobwani m'maso kuchokera pa panelo ndi kuwala kumene kwabwerera osagwira ntchito. Sikutchaja foni, sikuyatsa babu yoti muwerengere usiku.

Mapanelo ambiri, kaya kakang'ono ka padenga la kwanu kaya aja ambirimbiri a ku Salima ndi ku Golomoti, amapangidwa ndi silikoni. Vuto lake n'lakuti silikoni wosalala amakhala ngati kalilole: amabweza kuwala kopitirira 30 peresenti. Ndiye asayansi anadzifunsa kuti, titani kuti kuwala kukafika kusathawe? Yankho limodzi linali losintha kaumbidwe ka pamwamba pa silikoniyo.

Njira yoyamba ndi ya timapiramidi. Ku fakitale amaviika silikoni m'mankhwala monga potassium hydroxide, omwe amamudya mosiyanasiyana n'kusiya timapiri tosongoka tambirimbiri. Kalikonse n'kotalika mamaikulomita ochepa chabe. Kumbukirani kuti maikulomita 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi, ndipo tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa mamaikulomita pafupifupi 50 mpaka 100.

Timapiramidi timathandiza bwanji? Kuwala kukamenya m'mbali mwa kamodzi, gawo lomwe labwezedwa silipita kumwamba, limakamenya kapiramidi koyandikana nako. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa magawo 100 a kuwala, 30 abwezedwa. Pa 30 amenewo, 30 peresenti yokha ndiyo ibwezedwenso kachiwiri, omwe ndi magawo 9. Mwaona? Silikoni ndi yemweyo, koma zotayika zatsika kuchoka pa 30 kufika cha m'ma 9. Pamwamba pake amakutapo kansalu kopyapyala kwambiri ka silicon nitride kochepetsanso kunyezimira, ndipo n'kamene kamapatsa mapanelo ambiri mtundu wabuluu uja.

Njira yachiwiri ndiyo imandisangalatsa kwambiri, chifukwa mphunzitsi wake ndi kadziwotche, uja amazungulira nyali usiku. M'zaka za m'ma 1960, asayansi atayang'ana diso lake pa maikulosikopu yamphamvu, anapeza kuti lili ndi timabampu tondandalikana bwino, totalikirana mananomita pafupifupi 200 mpaka 300. Nanomita ndi kachigawo kamodzi ka milimita mutaigawa ka 1 miliyoni. Mafunde a kuwala kumene timaona ndi otalika mananomita 400 mpaka 700, kutanthauza kuti timabamputi n'tating'ono kuposa funde lenilenilo.

Kuti mumvetse, taganizirani mafunde a panyanja. Akamenya thanthwe loima chilili, amabwerera m'mbuyo. Koma akafika pagombe la mchenga lotsetsereka pang'onopang'ono, amangozilala. Kuwala nakonso kumabwerera kukakumana ndi malire adzidzidzi, monga pakati pa mpweya ndi silikoni wosalala. Timabampu tija timachotsa malire adzidzidziwo. Kuwala kumachoka mumpweya n'kulowa m'diso mwapang'onopang'ono, ndiye kobwerera kumakhala kochepa zedi.

Mfundo yomweyi imagwiranso ntchito pa silikoni wakuda, yemwe pachingerezi amati black silicon. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, gulu la Eric Mazur pa yunivesite ya Harvard ku America linawombera silikoni ndi laser, ndipo pamwamba pake panamera timinga tambirimbiri, n'kuda bii. Masiku ano pali njira zina zosemera timinga tating'ono kuposa pamenepo, moti kuwala kobwerera kumatha kutsika mpaka 1 peresenti.

Komatu musafulumire kuwomba m'manja. Kugwira kuwala ndi theka chabe la ntchito. Kuwala kukalowa mu silikoni kumamasula ma elekitironi, ndipo amenewa ayenera kukafika ku waya kuti tipeze magetsi. Pamwamba pa silikoni ndi pamene ma elekitironi ambiri amakodwa n'kutayika, ndipo timinga timachulukitsa malo apamwambawo. N'chifukwa chake ma selo oyambirira a silikoni wakuda ankameza kuwala kwambiri koma n'kumatulutsa magetsi ochepa.

Mu 2015, gulu la Hele Savin pa yunivesite ya Aalto ku Finland, mogwirizana ndi anzawo a ku Barcelona, linasonyeza njira yothetsera vutoli. Anakuta timingato ndi kansalu kopyapyala ka aluminium oxide koteteza ma elekitironi, ndipo selo yawo inasandutsa 22.1 peresenti ya mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi. Ubwino wina n'ngwakuti silikoni wakuda amagwirabe bwino kuwala kobwera chapambali, monga kwa m'mawa ndi madzulo.

Mukhoza kuyesa mfundo yonseyi kunyumba popanda kugula kanthu. Tengani katoni yotseka bwino, muboole kabowo kakang'ono pambali pake. Kenako jambulani kadontho ndi cholembera chakuda pafupi ndi kabowoko, muime chapatali pang'ono n'kuyerekeza. Kabowo kaoneka kakuda kuposa inkiyo, ngakhale m'katonimo simunapakemo utoto uliwonse. Kuwala kukalowa kumangogundagunda m'makoma, kumachepa ulendo uliwonse, mpaka kotulukanso kumakhala pafupifupi kulibe. Mukayesa, mundiuze zomwe mwaona.