Kulolerana ndi Malire Ake: Mitundu Yochepa mu Mzinda wa Nairobi

Mzinda wa Nairobi, womwe unayamba m'chaka cha 1899 ngati msasa wa ogwira ntchito pa njanji yochokera ku Mombasa kupita ku nyanja ya Victoria, unali ndi anthu pafupifupi 4.4 miliyoni pa kalembera wa 2019, ndipo anthuwo ndi a mitundu, zinenero ndi zipembedzo zosiyanasiyana. Akatswiri a zandale akamakamba za malo otere amasiyanitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kulolerana, kutanthauza kuti gulu lalikulu likuleka gulu laling'ono kuti lipembedze, livale ndi kuyankhula monga mwa chikhalidwe chake ngakhale silikugwirizana nazo. Chachiwiri ndi ndondomeko yovomereza zikhalidwe zambiri, momwe boma lenilenilo limalemba m'malamulo kuti magulu amenewa ndi eni dziko mofanana ndi ena onse, ndipo nthawi zina limawapatsa makhoti kapena malo awoawo. Choyambacho n'chosavuta kuchipeza m'misika ndi m'maminibasi a ku Nairobi, koma chachiwiricho chavuta kwa zaka zoposa 60.

Nkhani ya Anubi a ku Kibera ndiyo imaonetsa bwino kusiyana kumeneku. Makolo awo anali asilikali ochokera ku Sudan omwe ankamenya nkhondo m'gulu la King's African Rifles, gulu lomwelo lomwe munali asilikali ambiri a ku Nyasaland, ndipo atapuma usilikali boma la atsamunda linawakhazika pa malo okwana maekala 4,197 omwe linawapatula m'chaka cha 1918. Popeza analibe dera la makolo awo mkati mwa Kenya monga momwe Akikuyu kapena Aluo analili nalo, sanapatsidwe umwini wa malowo, ndipo dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1963 sizinadziwike ngati iwo ndi nzika kapena ayi. Achewa amati mlendo ndi mame, ndipo mwambiwu umalimbikitsa kuchereza munthu chifukwa sachedwa kuchoka. Koma Anubi sanali alendo, analibe kwina kopita, ndipo anapitiriza kuonedwa ngati ongodutsa pamene manda a agogo awo anali kale m'dothi la Kibera. Pofika mu Juni 2017, pamene Pulezidenti Uhuru Kenyatta anawapatsa chikalata cha umwini wa malo, anapatsidwa maekala 288 okha.

Tsankho limeneli linkaonekera kwambiri ku ofesi yoperekera chiphaso cha unzika. Mnyamata wa mtundu waukulu akakwanitsa zaka 18 ankangopereka chikalata chake chobadwira ndi chiphaso cha kholo lake n'kudikira masabata angapo, pamene Mnubi, Msomali kapena Mswahili wa kugombe ankayamba waonekera pamaso pa komiti yofufuza, momwe munkakhala mfumu ya boma ya m'deralo, akuluakulu a m'mudzi, apolisi ndi akazitape a boma. Kumeneko ankafunsidwa ziphaso za makolo ake, nthawi zina ngakhale za agogo ake omwe anabadwa kusanayambe kulembetsa ana, ndipo wosowa mapepalawo ankabwezedwa kuti akadikire komiti ina pakapita miyezi. Munthu wopanda chiphasochi sangalembetse nambala ya foni, sangatsegule akaunti ya M-Pesa kapena ya kubanki, sangalembedwe ntchito yokhazikika, sangavote, ndipo mwana wake naye amavutika kupeza chikalata chobadwira, kotero kuti vuto la kholo limasanduka cholowa cha mwana. M'chaka cha 2011 komiti ya bungwe la African Union yoona za ufulu wa ana inagamula kuti Kenya ikuphwanya ufulu wa ana a Anubi pa nkhani ya unzika.

Asomali a ku Eastleigh anaona mbali ina ya vuto lomweli. Dera limeneli, lomwe ambiri amalitcha Little Mogadishu, linakula kwambiri boma la Somalia litagwa mu 1991, ndipo lero ladzaza ndi nyumba zosanja zogulitsiramo nsalu, nsapato ndi mafoni, komwe amalonda ochokera m'maiko ambiri a mu Africa amakapikula katundu. Malonda akamayenda bwino palibe amene amafunsa za mtundu wa wogulitsa. Koma zigawenga za al-Shabaab zitapha anthu 67 pa sitolo zikuluzikulu za Westgate mu Sepitembala 2013, ndiponso mabomba ena ataphulika miyezi yotsatira, boma linayambitsa chipikisheni chotchedwa Operation Usalama Watch mu Epulo 2014, momwe anthu masauzande anagwidwa m'nyumba ndi m'misewu, ambiri anasungidwa pa bwalo la zamasewero la Kasarani, ena anatumizidwa ku misasa ya othawa kwawo ya Dadaab ndi Kakuma, ndipo oposa 300 anathamangitsidwira ku Somalia. Pakati pa ogwidwawo panali nzika za Kenya zobadwira momwemo. Boma lili ndi udindo woteteza anthu ku zigawenga, ndipo zimenezi palibe angazitsutse, koma kuimba mlandu mtundu wonse chifukwa cha anthu ochepa kunaonetsa kuti kulolerana komwe kunalipo kunali kongodalira nyengo ya mtendere.

Magulu ena anachita kupempha kuti awerengedwe. Amakonde, omwe makolo awo anachokera kumpoto kwa Mozambique kukagwira ntchito m'minda ya khonje ndi nzimbe kuyambira m'zaka za m'ma 1930, anayenda ulendo wochokera ku Kwale mpaka ku nyumba ya boma ku Nairobi mu Okutobala 2016, ndipo mu 2017 anavomerezedwa kukhala mtundu wa nambala 43 wa dzikolo. Chaka chomwecho Amwenye anakhala mtundu wa nambala 44, ndipo mu Disembala 2020 Ashona okwana 1,670, ana ndi adzukulu a amishonale a mpingo wa Gospel of God omwe anafika cha m'ma 1960 n'kukhazikika m'madera oyandikana ndi Nairobi, analonjezedwa unzika. Izi zinasintha miyoyo ya anthu enieni ndipo n'zoyamikika, komabe njira yake ili ndi chilema, chifukwa ikuphunzitsa kuti munthu amalowa m'dziko kudzera pa khomo la mtundu wake, komanso kuti unzika ndi mphatso yochokera kwa mtsogoleri. M'dziko lomwe ziwawa za pambuyo pa chisankho cha 2007 zinapha anthu oposa 1,100 motsata mitundu, kuwerengera nzika m'mitundu si chinthu chochitenga mopepuka.

Pa funso la malire, loti chikhalidwe cha gulu chiyenera kulekezera pati, Kenya yayankha momveka bwino kuposa pa funso la unzika. Malamulo aakulu a dziko omwe anthu anawavomereza pa referendamu ya pa 4 Ogasiti 2010 anasunga makhoti a Kadhi, omwe ndi makhoti a Asilamu, ngakhale atsogoleri a mipingo yambiri anauza Akhristu awo kuti akane malamulowo, mwa zina chifukwa cha makhoti amenewa. Komabe mphamvu zawo zinaikidwa mpanda: amaweruza nkhani za ukwati, kusudzulana, chuma cha masiye ndi zina za munthu payekha, pokhapokha ngati mbali zonse ndi Asilamu ndipo zavomera kuweruzidwa kumeneko, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wokachita apilo ku khoti lalikulu. Apa muyeso ndi chilolezo cha mwini nkhani.

Muyeso wina ndi kuvulazidwa kwa thupi. Lamulo la 2011 linaletsa mdulidwe wa akazi, mwambo womwe umapezeka pakati pa Asomali, Akisii, Amaasai ndi Asamburu, ndipo dokotala wina atakasuma kuti amayi akuluakulu aloledwe kudulidwa mwa kufuna kwawo, oweruza atatu a khoti lalikulu ku Nairobi anakana pempholo mu Malichi 2021, poona kuti mchitidwewu umawononga thanzi ndi ulemu wa mkazi, komanso kuti mkazi wovomera poopa kusalidwa ndi abale ake sanavomere mwaufulu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2022 anapeza kuti amayi 15 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anadulidwa, kutsika kuchoka pa 38 mu 1998. Khoti lomwelo mu Sepitembala 2019 linagamula kuti sukulu ya Olympic High School ya ku Kibera inalakwa kubweza mtsikana wa Chirasta chifukwa cha tsitsi lake la madiredi, popeza tsitsilo ndi mbali ya chipembedzo chake ndipo silivulaza aliyense. Owerenga a ku Malawi akumbukira kuti mu Meyi 2023 khoti lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, linapereka chigamulo chofanana ndi chimenechi chokhudza ana a Chirasta m'sukulu za boma. Zigamulozi zikugwirizana pa mfundo yakuti chotetezedwa ndi munthuyo, kaya womupondereza ndi boma, sukulu kapena abale ake omwe.

Mu Febuluwale 2025 Pulezidenti William Ruto anasaina chikalata ku Wajir chothetsa kufufuza kwapadera kwa ofuna ziphaso m'madera a m'malire, ndipo andale ena anadandaula kuti zimenezi zitsegulira khomo anthu a kunja ndi zigawenga, pamene ena anati cholinga chake ndi mavoti a chisankho cha 2027. Popeza kusinthaku kunabwera mwa chilengezo cha mtsogoleri, mtsogoleri wina angathe kukubweza, ndipo chikalatacho pachokha sichipereka mapepala kwa akuluakulu omwe anabwezedwa ndi makomiti zaka zapitazo n'kutaya mtima, omwe ana awo akufika zaka 18 alibe chiphaso cha kholo choti akaonetse ku ofesi.