Makacisi akale a olosera: kucokera ku Delphi mpaka pa Msinja

Alendo ambiri amene atsika ndege pa bwalo la Mfuwe m'boma la Mambwe amabwera kudzaona nyama. Afuna njobvu, mikango, anyalugwe ndi mvuu za mu mtsinje wa Luangwa, ndipo paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1972, siwakhumudwitsa. Koma ena mwa alendo omwewa, akakhala kwao ku Ulaya, amalipira ndalama zambiri kuti akaone cinthu cosiyana kotheratu ndi nyama: miyala yakugwa ya makacisi akale a Agiriki, kumene anthu anali kupita kukafunsa za m'tsogolo.

Malo ochuka koposa a mtundu umenewu ndi Delphi, m'dziko la Greece, m'mphepete mwa phiri la Parnassus. Cigawo cino ca Africa naco cinali ndi malo ake otere, ndipo aakulu mwa iwo ali pa ulendo wa tsiku limodzi cabe kucoka ku Mfuwe.

Mlendo wofika pa Delphi lero akwera kanjira kokhotakhota kopita pa kacisi wa mulungu wao Apollo. Cimene catsalapo ndi maziko ndi nsanamira zocepa za miyala, za kacisi amene anamangidwa zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, pa malo pomwe panali ena akale. Kwa zaka mazana ambiri malowo anali okwiririka, ndipo pamwamba pake panali mudzi wochedwa Kastri. Akatswiri ofukula zakale a ku France anayamba nchito yao kumeneko mu 1892, atasamutsa mudzi wonse. Mu 1987 bungwe la UNESCO linaika Delphi pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse.

Mkati mwa kacisiyo munali kukhala mkazi wochedwa Pythia. Iye sanali kulosera tsiku lililonse. Anali kulankhula pa tsiku lacisanu ndi ciwiri la mwezi, miyezi isanu ndi inai pa caka. Asanayambe anali kusamba pa kasupe wopatulika, ndipo ansembe anali kuwaza mbuzi madzi ozizira. Mbuziyo ikanjenjemera, ndiye kuti mulungu walola. Ikapanda kutero, onse obwera ndi mafunso anali kubwerera osayankhidwa. Mu 2001 akatswiri ena a miyala anafotokoza kuti pansi pa kacisiyo pali ming'alu yomwe mwina inali kutulutsa mpweya woledzeretsa, koma anzao ena atsutsa ganizo limeneli.

Mayankho a Pythia anali ofuna kuwamva ndi makutu awiri. Wolemba mbiri Herodotus asimba za mfumu Croesus ya dziko la Lydia, imene inafunsa ngati ingathire nkhondo Aperezi. Inauzidwa kuti ikatero idzagwetsa ufumu waukulu. Inapita ku nkhondo mokondwa, ndipo ufumu umene unagwa unali wake womwe.

Sikuti onse ofunsa anali mafumu. Pa Dodona, malo ena a Agiriki kumene ansembe anali kumvetsera kuwayula kwa masamba a mtengo waukulu, papezeka timapale ta mtovu masauzande angapo pomwe anthu wamba analembapo mafunso ao. Anali kufunsa za ukwati, za kubala ana, za ziweto, za ulendo wa malonda ndi za katundu wobedwa. Mafunso otere sangadabwitse munthu wa kwa Jumbe kapena kwa Msoro. Kulosera pa makacisi amenewa kunazilala pamene Cikristu cinakula mu ufumu wa Aroma, ndipo malamulo a mfumu Theodosius a m'zaka za m'ma 390 analetseratu nsembe zakale.

Wofuna kuona malo ofanana ndi amenewa kuno kwathu acoka ku Mfuwe ndi kukwera mapiri pa mseu wa makilomita pafupifupi 130 wopita ku Chipata. Kucoka apo aoloka malire pa Mwami ndi Mchinji, nalunjika ku Lilongwe. Kum'mwera ca kumadzulo kwa mzindawo kuli mapiri a Dzalanyama, amene alekanitsa Malawi ndi Mozambique. M'mapiri amenewa muli Kaphirintiwa, ndipo m'munsi mwake muli Msinja, pomwe panali kacisi wamkulu wa mvula wa Acewa.

Kaphirintiwa ndi thanthwe lokhala ndi maenje ooneka ngati mapazi a anthu ndi a nyama. Mbiri ya makolo iti pamenepa ndi pomwe Cauta anatsikira ndi mvula yoyamba, pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi oyamba ndiponso nyama zonse, thanthwe likali lofewa. Onse anakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto. Chire linapsa, nyama zinathawa ndi kuyamba kudana ndi munthu, kupatulako galu, mbuzi ndi ng'ombe zimene zinathamangira kwa iye. Cauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, atalamula kuti munthu adzafa ndi kumtsata kumwambako kuti azikapanga mitambo ya mvula yozima moto umene iye anayatsa. Amene aona cigwa ca Luangwa m'mwezi wa Okutobala, utsi wa lupsa utaphimba dzuwa ndipo anthu ndi nyama alimbirana madzi otsala m'mathawale, adzamva nthano imeneyi popanda womasulira.

Kacisi anayambira pa Kaphirintiwa, ndipo pambuyo pake anasamukira pa Msinja. Mwini wake anali mkazi wochedwa Makewana, kutanthauza mai wa ana onse. Mbiri iti woyamba anali Mangadzi, wa mfunda wa Banda. Makewana anali kuonedwa ngati mkazi wa Cauta, amene pa kacisiyo anali kuchedwa Cisumphi, motero sanali kukwatiwa ndi munthu. Sanali kumeta tsitsi, cifukwa anthu anali kukhulupirira kuti kumeta tsitsi lake ndi kumeta mvula. Sanali kulima, pakuti cakudya cake cinali kucokera ku mitulo. Mzimu ukamgwira anali kubwebweta, ndipo akulu a pa kacisi ndiwo anali kumasulira mauwo kwa amithenga a mafumu. Amati pa nthawi ya cilala anali kupita ku dziwe lopatulika lochedwa Malawi ndi kukhala kumeneko masiku atatu kupempha mvula.

Udindo umenewu sunali wa colowa ngati ufumu. Makewana akamwalira, anthu anali kudikira, nthawi zina zaka zambiri, kufikira ataoneka mkazi wina wogwidwa ndi mzimu. Akulu a pa kacisi anali kumuyesa ndi mafunso a zinsinsi za pamalopo, ndipo akayankha bwino ndi pamene anali kulandiridwa.

Pali cinthu cimodzi cocititsa cidwi pa malo awiriwa. Agiriki anali kunena kuti Delphi poyamba anali malo a njoka yaikulu yochedwa Python, imene Apollo anapha, ndipo dzina lakale la malowo, Pytho, ndilo linabala dzina la Pythia. Kwa Acewa nako njoka inali pakati pa cipembedzo: Cisumphi anali kuyendera Makewana m'maonekedwe a njoka yochedwa Thunga, ndipo mkulu wochedwa Kamundi, wa mfunda wa Mbewe, ndiye anali kuimira njokayo pa miyambo. Kusiyana kwake nkwakuti kwa Agiriki mulungu anapha njoka ndi kulanda malo ake, pomwe pa Msinja njoka inali mthenga wa mvula ndi kubala, yoyenera kulemekezedwa. Palibe umboni wakuti anthu awiriwa anaphunzitsana. Onse anali alimi odalira mitambo, ndipo onse anaika mau a mulungu m'kamwa mwa mkazi.

Pa Msinja panali anchito ena. Atsikana ochedwa Matsano anali kutumikira Makewana ndi kusamala kacisi. Tsang'oma anali wosunga ng'oma yopatulika yochedwa Mbiriwiri, imene inali kuitanira anthu ku nsembe. Udindo wake unali woopsa, pakuti mbiri ya pakamwa iti mvula ikakanika ngakhale nsembe zaperekedwa, mlandu unali kugwera iye, ndipo anali kulipira ndi moyo wake. Nsembe zake zinali za zinthu zakuda, monga mbuzi yakuda ndi nsalu yakuda, kufanizira mitambo yolemera ndi madzi. Munthu sanali kuloledwa kulowa pa Msinja ndi zida za nkhondo.

Nkhani imeneyi ikhudza Zambia mwacindunji. Msinja anali m'dziko la Undi, ufumu umene likulu lake linali pa Mano m'dziko lomwe lero ndi Mozambique, ndipo mphamvu zake zinafika mpaka kwa Ansenga, kufupi ndi Luangwa. Undi anali kucirikiza kacisiyo ndi mitulo, ndipo Makewana anali kumthandiza kugwirizanitsa anthu okhala motalikirana. Mfumu inali ndi mikondo, koma mvula inali m'manja mwa mkazi wa pa Msinja, ndipo aliyense wa awiriwa anali kufuna mnzake. Lero Kalonga Gawa Undi akhala pa Mkaika m'boma la Katete, kumene Acewa a maiko atatu asonkhana m'mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba.

Ulemerero wa Msinja unatha ca m'ma 1870, pamene Angoni anathira nkhondo malowo, natentha kacisi ndi kubalalitsa anthu ake. Zaka zimenezo zinalinso za malonda a akapolo ndi minyanga, ndipo posakhalitsa kunabwera amishoni ndi boma la atsamunda. Kacisi anamangidwanso pambuyo pake, koma sanakhalenso likulu la cigawo conse monga kale. Zambiri zimene zidziwika lero zinasungidwa cifukwa ca anthu amene anafunsa nkhalamba ndi kulemba: Samuel Nthara m'buku lake la Mbiri ya Acewa, W.H.J. Rangeley amene analemba za Makewana mu 1952, ndi wansembe Matthew Schoffeleers, amene anafufuza kwa zaka zambiri za makacisi a mvula, makamaka wa Mbona pa Khulubvi m'boma la Nsanje.

Apa ndi pomwe mlendo ayenera kukonza maganizo ake asananyamuke. Wopita pa Msinja akuyembekezera nsanamira za miyala adzabwerako wokhumudwa. Kacisi wa Acewa ndi kanyumba kozungulira ka mitengo ndi udzu, komangidwa kuti kadzaole ndi kumangidwanso. Kumanganso kumeneko ndiko kunali mwambo weniweni, cifukwa kunali kusonkhanitsa mafumu ndi midzi, aliyense ndi mbali yake. Agiriki anaika cikumbutso cao m'miyala, ndipo miyalayo yakhala zaka 1,600 popanda wopembedza. Acewa anaika cao mwa anthu, m'maina a maudindo, m'nkhalango yosadulidwa ndi m'dziwe losaphedwamo nsomba. Zinthu zotere zitha msanga ngati palibe wozisamala, ndipo zikatha sizisiya cofukula.

Ciopsezo cimeneci cili poyera pa Dzalanyama. Nkhalangoyi, imene ndi gwero la mtsinje wa Lilongwe ndi madzi akumwa a mzindawo, yadulidwa kwambiri ndi ootcha makala, kufikira kuti mu 2015 boma la Malawi linatumizako asilikali kuti akailonde. Malo ena a m'dera lomwelo apeza citetezo cokulirapo: zithunzi za pa miyala za ku Chongoni m'boma la Dedza, zopezeka pa malo 127, zinalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2006, ndipo Gule Wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia anazindikiridwa ndi bungwe lomwelo mu 2005.

Boma la Mambwe ndi dziko la Akunda, la mafumu asanu ndi limodzi: mfumu yaikulu Nsefu, a Jumbe, a Kakumbi, a Malama, a Mnkhanya ndi a Msoro. Akunda ali ndi mbiri yaoyao, yocokera kwa Aluba, ndipo aikumbukira pa mwambo wa Malaila. Monga mitundu ina ya cigawo cino, anali kuthira nsembe kwa mizimu ya makolo pa tiakacisi ta m'midzi, pa manda a mafumu ndi patsinde pa mitengo monga msolo. Cikristu cinafika msanga m'cigwa: wansembe wa Anglican Leonard Kamungu, Mcewa wa ku Nkhotakota, anagwira nchito pa Msoro ndi kumwalira komweko mu 1913. Kucokera nthawi imeneyo tiakacisi tambiri tinasiyidwa. Malo ena amene lero ayendamo nyama zokha anali midzi, ndipo oyenda pansi m'paki apezabe mapale a miphika ndi miyala yoperera.

Ku Zambia malo ndi zinthu zakale zotere zitetezedwa ndi lamulo la 1989, limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission. Lamuloli liletsa kufukula, kuononga kapena kucotsa zinthu zakale popanda cilolezo, ndipo wopeza cinthu cotere ayenera kudziwitsa bungwelo. Koma bungwe lingateteze malo okhawo amene lauzidwa, ndipo odziwa kumene kunali kacisi wa mudzi wakutiwakuti ndi nkhalamba zimene zikucepa caka ndi caka.

Funso limene linali kupita pa Msinja silinathe. Pa 29 Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, cimanga citafota m'minda m'zigawo zambiri, kuphatikizapo ca kum'mawa. Lero mlimi wa m'cigwa amva za mvula pa wailesi kucokera kwa a zanyengo, ndipo mapemphero ambiri opempha mvula acitikira m'machalichi.

Wofuna kuyendera malo opatulika monga Msinja kapena Khulubvi sangolowa monga alowera pa Delphi, pogula tikiti pa cipata. Ayamba waonekera kwa mfumu ya deralo, imene imtumiza kwa osunga malowo. Iwo ndiwo amuuza zobvala zoyenera, pomwe ayenera kubvula nsapato, ndi pomwe saloledwa kujambula kapena kuponda.