Kachilembo Kobisika Kumapeto kwa Mzere

Wophunzira aliyense amene wayamba kulamula kompyuta polemba mawu, osati podina zithunzi, posachedwa adzakumana ndi vuto ili. Walemba kapulogalamu kake pa Windows, wakawerenga kawiri konse, osapeza cholakwa. Koma atakasamutsira pa makina a Linux, kakukana kugwira ntchito, ndipo pagalasi pangotuluka mawu akuti "bad interpreter" pamodzi ndi chizindikiro ^M. Ambiri amataya mtima pamenepa, ena mpaka amafufuta ntchito ya tsiku lathunthu. Chonsecho cholakwacho sichili m'malamulo awo ayi, chili kumapeto kwa mzere uliwonse, kumene diso silifika.

Gwero la nkhaniyi ndi lakale ndithu. Aphunzitsi amene anagwirapo taipilaita akukumbukira kuti mzere ukatha pankachitika zinthu ziwiri: kubweza chonyamula pepala kuchiyambi, ndiponso kukweza pepalalo mzere umodzi. Mu dongosolo la zilembo la ASCII la 1963, ntchito ziwirizi zinapatsidwa manambala: kubweza kunatchedwa CR, nambala 13, ndipo kukweza kunatchedwa LF, nambala 10. Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anaiyamba ku Bell Labs mu 1969, inasankha kutseka mzere ndi LF yekha, ndipo Linux inatsata mwambo womwewo. Koma MS-DOS ya mu 1981 inasunga zilembo zonse ziwiri, Windows nitengera pomwepo.

Tsono taonani chimene chimachitika. Mzere woyamba wa kapulogalamu kaja umati #!/bin/bash, kutchula pulogalamu yoti iwerenge malamulowo. Linux imayesa kuti CR wotsalira uja ndi mbali ya dzinalo, choncho imafunafuna pulogalamu imene kulibe.

Musanayambe kukonza, yambani mwaona nthendayo ndi maso anu. Pa Linux lembani cat -A ndi dzina la failo. Ngati mizere ikuthera ndi ^M$, mwamugwira wakubayo. Mankhwala ake ndi lamulo la dos2unix, kapena, ngati mukulemba mu Vim, :set ff=unix kenaka n'kusunga. Njira ina, imene imagwira pa Linux ndi pa macOS pomwe, ndi iyi: tr -d '\r' < yakale > yatsopano. Koma chenjerani: maina awiriwo asafanane. Mukalemba dzina limodzi mbali zonse ziwiri, failoyo imakhuthulidwa isanawerengedwe, ndipo mumatsala chimanjamanja.

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Ngati m'kalasi mwanu ena ali pa Windows, ena pa Linux, gwirizanani za mathero a mizere ntchito isanayambe, ndipo ogwiritsa ntchito Git alembe panganolo mu failo ya .gitattributes.

M'chigawo chotsatira tidzaona chifukwa chimene lamulo la sed -i limamvera pa Linux koma n'kukana pa macOS.