Mwana akamaphunzitsa kuyendetsa ndege amalandira zingati?

Pa misonkhano yathu ya aMalawi kuno ku America tikafunsa achinyamata ntchito yomwe akufuna kudzagwira, sipalephera mmodzi woyankha kuti adzakhala woyendetsa ndege. Makolofe timasekerera, ndipo ena timayamba kale kuwerengera ndalama zomwe mwanayo azidzatumiza kwa agogo ake kumudzi. Koma mwanayo asanakhale pampando wa ndege zonyamula anthu, pali ntchito ina yomwe ambiri sitiidziwa, ndiyo yophunzitsa ena kuyendetsa ndege. Oyendetsa ndege ambiri m'dziko muno amene sanadzere ku usilikali amayambira pamenepa. N'chifukwa chake tati tikambirane za malipiro ake, kuti banja lisanatenge ngongole lidziwe chomwe likulowamo.

Maola 1,500

Bungwe loona za maulendo a ndege la FAA limapereka layisensi mwa makwerero. Yoyamba, yongoyendetsa ndege osalipidwa, imafuna maola osachepera 40 a m'mlengalenga. Yoti munthu azilipidwa nayo imafuna maola pafupifupi 250. Koma makampani onyamula anthu sangamulembe munthu wa maola 250, chifukwa lamulo limafuna layisensi yapamwamba ya ATP, ya maola 1,500.

Lamuloli linabwera chifukwa cha ngozi. Pa 12 February 2009 ndege ya kampani ya Colgan Air yochokera ku Newark inagwera panyumba pafupi ndi mzinda wa Buffalo, ndipo anthu 50 anamwalira. Pofufuza zinadziwika kuti wachiwiri kwa woyendetsa ndegeyo ankalandira pafupifupi $16,000 pachaka, ndiponso ankachokera kutali, dera la Seattle, popita kuntchito. Achibale a omwalirawo anakakamiza aphungu, lamulo linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo mu 2013 maola 1,500 anayamba kugwira ntchito. Omwe ali ndi digiri ya zandege ya kuyunivesite yovomerezeka amaloledwa pa maola 1,000, a maphunziro a zaka ziwiri pa 1,250, ndipo ochokera ku usilikali pa 750.

Tsono wachinyamata wa maola 250 akapeza kuti maola 1,250 otsalawo? Kuchita lendi ndege ndi ndalama zake sangakwanitse. Njira yapafupi ndiyo kutenga layisensi ya uphunzitsi, yomwe imatchedwa CFI, kuti aziuluka ndi ophunzira, ndegeyo akulipirira wophunzira, maola akulembedwa m'buku lake.

Malipiro ndi a ola

Apa mpamene pagona nkhani. Masukulu ambiri sapereka malipiro okhazikika a pamwezi. Mphunzitsi amalipidwa pa ola, ndipo kawirikawiri woyamba kumene amalandira pakati pa $25 ndi $40, ngakhale kuti wophunzira amapereka kusukulu zoposa pamenepo, nthawi zina kawiri. Wina anganene kuti $30 pa ola ndi zambiri poyerekeza ndi zomwe enafe timalandira m'nyumba zosamalira okalamba. Koma funso ndi lakuti ola lake liti.

M'ndege zophunzitsira muli kachipangizo kowerenga nthawi, ka Hobbs, komwe kamayenda injini ikamalira. Ola lolipidwa ndi limenelo, kuphatikizapo nthawi yophunzitsa pansi yomwe sukulu yalipiritsa wophunzira. Nthawi yodikira wophunzira wochedwa, yodikira kuti ndege ithiridwe mafuta, kapena yodzaza mapepala, m'masukulu ambiri siwerengedwa. Kukagwa chifunga kapena kukawomba mphepo yamphamvu, ulendo umalephereka. Ndege ikakhala kwa amakaniko, n'chimodzimodzi. Munthu akhoza kutandala pabwalo la ndege kuyambira mbandakucha mpaka madzulo n'kulipidwa maola anayi okha. Ndipo sangabwezeretse zonse tsiku lowala bwino, chifukwa lamulo silimulola kuphunzitsa m'mlengalenga maola oposa 8 pa maola 24 aliwonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi mongoyerekeza. Mphunzitsi wa $30 pa ola akapeza maola 80 pamwezi, walandira $2,400 msonkho usanachotsedwe. Mwezi wozizira kumadera a kumpoto akapeza maola 40 okha, ndiye $1,200. Pomwepo pachoke lendi, chakudya, galimoto ndi ngongole ya sukulu, popeza maphunziro onse mpaka kufika pa uphunzitsi masiku ano amatha kudya $80,000 mpaka kupitirira $100,000. Nyengo imeneyi ndi yomwe imachititsa kuti masukulu ambiri a ndege akhale ku Florida, Arizona ndi Texas, komwe dzuwa limawala masiku ambiri.

Palinso nkhani ya mapepala a ntchito. Masukulu ena amalemba mphunzitsi ngati wantchito wawo, wa fomu ya W-2. Ena amamutenga ngati wodzigwirira yekha, wa fomu ya 1099. Wachiwiriyu amadzilipirira yekha msonkho wa 15.3 peresenti wa Social Security ndi Medicare, ndipo inshuwalansi ya chipatala amadzionera. Choncho $35 ya pa 1099 ikhoza kuchepa mphamvu kuposa $30 ya pa W-2. Malipiro amakwerako munthu akawonjezera layisensi yophunzitsa kuuluka m'mitambo podalira zipangizo zokha, kapena yophunzitsa pa ndege za injini ziwiri, koma zonsezi n'zolipiranso.

Nkhani ya viza

Kwa ife obwera pali mtsinje wina wofunika kuwoloka. Aliyense yemwe si nzika ya America ayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la TSA asanayambe maphunziro a ndege. Chachikulu n'chakuti viza ya M-1, yomwe masukulu ambiri a ndege amagwiritsa ntchito, imalola munthu kugwira ntchito mwezi umodzi pa miyezi inayi iliyonse yomwe waphunzira, osapitirira miyezi 6 yonse pamodzi. Viza ya F-1 imapereka miyezi 12 yogwira ntchito munthu akamaliza. Koma kuti maola 1,250 akwane, pa maola 70 pamwezi, pamafunika miyezi pafupifupi 18. Mwana wa m'bale wathu wochokera kumudzi akhoza kumaliza sukulu bwinobwino, viza n'kutha maola asanakwane. Omwe ali ndi green card kapena unzika alibe vuto limeneli.

Kodi n'kutaya ndalama?

Ayi. Kutsidya kwa maola 1,500 zinthu zinasintha kwambiri. Mu 2022, oyendetsa ndege atasowa, makampani ang'onoang'ono monga Envoy, Piedmont ndi PSA anakweza malipiro a woyamba kumene kufika pa $90 pa ola. Koma mu 2024 makampani akuluakulu anachepetsa kulemba anthu, ndipo aphunzitsi ena anakwanitsa maola awo n'kumadikirabe. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma podumphapo amafunika kudya.

Choncho mwana akabwera ndi mapepala a sukulu ya ndege, tisanasaine ngongole tikafunse kusukuluko: kodi amalemba ophunzira awo ngati aphunzitsi? Amalipira zingati pa ola, ndipo amalipira nthawi yophunzitsa pansi? Aphunzitsi awo amapeza maola angati mwezi wovuta? Ndi W-2 kapena 1099? Tikalankhulenso ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri patokha, abwana palibe. Safunsa anadya phula.

Ndipo achibale kumudzi tiwauziretu kuti mwana akangovala yunifomu yoyera ya mizere pamapewa sindiye kuti ndalama zafika. Kwa chaka chimodzi ndi theka kapena zaka ziwiri, ndi iye amene adzafune thandizo lathu: chipinda chogona, mbale ya nsima, ndi mafuta a galimoto yopitira kubwalo la ndege.