Nthaka yakuya ya m'chigwa cha Thukela: dzina lake, khalidwe lake ndi mbewu yoyenera

Munthu akanyamuka mu mzinda wa Durban m'mawa, n'kudzera ku Pietermaritzburg ndi ku Greytown, amafika ku Tugela Ferry m'dera la Msinga dzuwa lisanafike paliwombo. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 200, koma amakhala ngati walowa dziko lina. Ku Durban kumagwa mvula ya mamilimita pafupifupi 1,000 pa chaka, pamene m'chigwa cha mtsinje wa Thukela imagwa ya pakati pa 600 ndi 700, komanso kumatentha kwambiri moti dzuwa limamwa madzi ochuluka kuposa amene mitambo imabweretsa. Minda ya nzimbe imatsala m'mbuyo. Kutsogolo kuli mitengo ya minga, miyala, ng'ombe ndi mbuzi. Ambiri mwa ife amene timachulukitsa ndi kugulitsa mbewu tinazolowera nthaka ya kumene mvula ndi yochuluka, koma ena mwa alimi amene amatigula amakhala m'zigwa zotere. Tikalangiza mlimi wa ku Msinga ndi nzeru za m'mphepete mwa nyanja, amene amavulala ndi iyeyo, ndipo chaka chotsatira sabweranso pa sitolo yathu.

Mapiri ndi zitunda za m'chigwachi zili ndi nthaka yosaya, yoti khasu limagunda mwala lisanalowe n'komwe. Nthaka yakuya imapezeka m'munsi mwa zitunda ndi m'malo athyathyathya otsata mitsinje, kumene madzi akhala akuunjika dothi kwa zaka zikwizikwi. Malowa ndi ochepa, ndipo aliyense amawafuna: woweta amafunapo msipu wa m'chilimwe, wolima amafunapo munda.

Tikamati nthaka yosakanikirana, tikunena ya dothi limene lili ndi mchenga, dongo ndi fumbi losalala ngati ufa, popanda chimodzi chopondereza zinzake. Akatswiri amasiyanitsa zitatuzi ndi kukula kwa timibulu take: dongo ndi lochepera mamilimita 0.002, fumbi losalala limafika 0.05, ndipo mchenga umafika mamilimita 2. Pa muyezo wa ku America, umene mabuku ambiri amatsata, nthaka yosakanikirana bwino imakhala ndi dongo la maperesenti 7 mpaka 27 ndi mchenga wosapitirira 52. Kumunda sitifunika makina. Tinyowetse dothi pang'ono n'kulikanya m'manja. Likakana kuumbika, ndi la mchenga. Likaumbika n'kupotedwa ngati chingwe chimene chimathyoka tikachipinda, ndiye losakanikirana. Likapindika mpaka kukhala ngati chibangili osathyoka, dongo lachuluka, monga makande a ku Ngabu.

Koma m'dera la mvula yochepa chuma chenicheni cha nthaka ndi kuya kwake, pakuti kuyako ndiko nkhokwe ya madzi. Mita imodzi ya nthaka yosakanikirana imasunga madzi a mamilimita pafupifupi 150 amene mizu ingathe kumwa, ndipo theka lokha la madziwa ndi limene mbewu imamwa mosavutikira. Chimanga chikamamasula, m'malo otentha chimamwa mamilimita 7 kapena kuposerapo pa tsiku. Tikawerengera, munda umene mizu imatsika mita yathunthu ungapirire ng'amba ya masiku pafupifupi khumi chimanga chisanayambe kupota masamba. Munda woyandikana nawo, umene uli ndi mwala kapena dongo lolimba pa masentimita 40, umangopirira masiku anayi kapena asanu. Mbewu ndi imodzi, thumba ndi limodzi, mvula ndi imodzi, koma alimi awiriwa adzatiuza nkhani zosiyana za mbewu yathu.

N'chifukwa chake kudziwa dzina la nthaka kuli ndi phindu. Dziko la South Africa lili ndi njira yakeyake yogawira nthaka, ndipo mizu ya njirayi ili m'chigwa chomwechi. M'chaka cha 1969 J.J. van der Eyk, C.N. MacVicar ndi J.M. de Villiers anasindikiza kafukufuku wa nthaka za m'dera lonse lothira madzi ake mu Thukela. Pa maziko amenewo, mu 1977 munatuluka buku loyamba la dziko lonse lokhala ndi mitundu 41 ya nthaka. Lachiwiri, la mu 1991, linafikitsa mitunduyi pa 73, ndipo la mu 2018 linaonjezera yambiri, kuphatikizapo nthaka zosinthidwa ndi ntchito za anthu. Mfundo yake ndi yosavuta kumva. Timakumba dzenje, n'kuona magawo a dothi mmene asanjikirana kuchokera pamwamba kutsika pansi. Kusanjikana kulikonse kuli ndi dzina lake, kawirikawiri dzina la malo. Kenaka mtundu uliwonse umagawidwanso m'mabanja potengera zinthu monga maonekedwe a dothi ndi mmene mvula yalitsukira.

Nthaka yakuya yosakanikirana ya m'mbali mwa mitsinje ya kumalo ouma nthawi zambiri imagwera mu mtundu wotchedwa Oakleaf. Pamwamba pali dothi wamba la zinyalala zowolerana zochepa, ndipo pansi pake pali gawo limene akatswiri amalitcha neocutanic: dothi lochita kubwera ndi madzi kapena kutsetsereka kuchokera kumtunda, limene langoyamba kumene kusandulika, la mawangamawanga, lofewa, losatchinga mizu. Mtundu wina ndi Hutton, umene pansi pake pali dothi lofiira mofanana, lonyenyeka mosavuta, lolowa madzi ndi mpweya bwino. Kufiira kumeneku ndi umboni wakuti madzi sadikha m'nthakamo.

Apa tichenjere, chifukwa dzina lokha likhoza kutinamiza. Mchenga wofiira wa pa chitunda cha Berea mu Durban momwe, umene unaunjikidwa ndi mphepo kalekale, umawerengedwanso ngati Hutton. Koma Hutton wa kumene mvula ndi yambiri amakhala wotsukika, wa asidi, wofuna laimu. Hutton wa m'chigwa chouma amakhala asanatsukike, ndipo michere monga kashiamu ndi maginiziyamu imakhala idakalimo. Kusiyanaku kumalembedwa pa banja, osati pa mtundu, choncho mlimi akatibweretsera pepala la kafukufuku wa munda wake tisamalekere pa dzina loyambalo.

Nkhani ya laimu ndi imene ogulitsa ambiri timaphonya. M'madera a mvula yochepa madzi satsika mokwanira kuti achotse laimu wachilengedwe, ndiye amaunjikana m'gawo lapansi ngati timiyala toyera kapena ufa woyera. Tikadonthezapo asidi wofooka, ngakhale viniga wa kukhitchini, dothilo limachita thovu. Gawo lofewa lija likakhala ndi laimu wotere, buku la 1991 limaitcha nthakayo Augrabies, osatinso Oakleaf. Muyezo wa pH umakwera kufika 7.5 kapena 8, zinki ndi ayironi zimamangika, ndipo chimanga chaching'ono chimaonetsa mizere yoyera m'masamba. Mlimi akaona zimenezi amaganiza kuti mbewu ndi yodwala. Ife tikamugulitsa laimu, chifukwa ndi amene alimi a ku Greytown amagula chaka ndi chaka, tamudyera ndalama n'kumukulitsira vuto. Chimene akufunika ndi feteleza wokhala ndi zinki.

Palinso nthaka zina zimene pamwamba zimafanana kwambiri ndi Oakleaf koma pansi zili ndi msampha. Valsrivier ndi Sterkspruit zili ndi dothi lopepuka pamwamba, kenaka dongo lolimba pansi pake. Mu Sterkspruit dongolo limaima ngati mizati, ndipo kawirikawiri limakhala ndi sodiyamu. Dongo la sodiyamu likanyowa limasungunuka ngati sopo. Khasu kapena njira ya ng'ombe ikangoboola dothi lapamwamba, madzi amadya lapansilo, ndipo zigwembe zikuluzikulu zimene timaona m'madera a mkati mwa KwaZulu-Natal zambiri zinayamba motero. Owerenga a ku Malawi akudziwa nthaka yolimba ya pamene pamamera mitengo ya tsanya m'chigwa cha Shire. Khalidwe lake silili kutali ndi limeneli. Ife tikuona kuti nthaka yotere ndi yofunika kuisiya ndi udzu wake, ndipo wogulitsa woona mtima ayenera kunena zimenezi ngakhale zitamutayitsa malonda a matumba angapo.

Ngakhale Oakleaf weniweni ali ndi chofooka chake. Popeza zinyalala zowolerana ndi zochepa, ndipo ziweto zimadya udzu mpaka pansi, mvula yamphamvu ikamenya dothi lopanda chophimba pamwamba pamauma n'kulimba ngati nkhoko za mumphika. Njere zazing'ono monga za mapira, anyezi, kaloti ndi udzu zimamera pansi koma zimalephera kuboola. Mlimi amabwera pa sitolo atakwiya, akuti mbewu sinamere. Tisanatsutsane naye, kapena tisanabweze mlandu kwa wochulukitsa mbewu, tipite kumundako tikafukule mzere umodzi. Tikapeza timbewu tomera topindika pansi pa nkhokozo, mbewu inalibe vuto. Mankhwala ake ndi manyowa, kuphimbira nthaka ndi mapesi, kusabzala mozama, ndipo kwa wothirira, kunyowetsa pang'onopang'ono mpaka mbewu itatuluka.

Nanga tigulitse chiyani? Kwa woweta amene akufuna kubwezeretsa msipu pa nthaka yakuya yopanda asidi, udzu wa Cenchrus ciliaris, monga mtundu wa Molopo, ndi woyenera: mizu yake imatsika kwambiri, umapirira chilala, ndipo umakonda dothi la laimu. Tikumbukire kuti njere zake zongokolola kumene sizimera bwino mpaka zitagona miyezi ingapo, choncho tsiku lokolola ndi zotsatira za kuyesa kameredwe tiziwerenga tisanalandire katundu. Njerezi zisakwiriridwe kupitirira sentimita imodzi, ndipo dothi litsinderedwe. Kumene udzu wachilengedwe monga Themeda triandra ndi Panicum maximum udakalipo, kupumitsa busa nyengo imodzi ya mvula kumachita zambiri kuposa thumba lililonse la mbewu. Kwa wolima modalira mvula, mapira, khobwe, nzama ndi chimanga chocha msanga chobzalidwa motalikirana ndi zimene zimagwirizana ndi nkhokwe ya madzi tawerengera ija. Mlimi wa ku South Africa timukumbutsenso kuti lamulo loteteza chuma cha ulimi, la nambala 43 la mu 1983, limafuna chilolezo munthu asanagaule malo amene sanalimidwe kwa zaka khumi.

Kwa ochulukitsa mbewu, nthaka yakuya ya pa sikimu zothirira monga ya Tugela Ferry ndi yokopa, chifukwa mpweya wouma umachepetsa matenda a masamba amene amayenda ndi njere za nyemba. Koma nyemba sizipirira mchere, ndipo madzi othirira amasiya mchere kumene ngalande zotayira madzi zatsekeka. Minda ya pa sikimuyi ndi ing'onoing'ono, yambiri ya gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala, moti mbewu ya chimanga singatalikirane mokwanira ndi chimanga china pokhapokha alimi oyandikana atagwirizana za mtundu ndi tsiku lobzala.

Tisanasainirane mgwirizano ndi mlimi pa malo amene sitikuwadziwa, tikumbe dzenje la mita imodzi ndi theka, kapena mpaka pamene khasu lakanira. Tione pamene mizu yalekera, tikanye dothi la gawo lililonse, tidontheze viniga, ndipo kachibuma ka dothi lapansi tikaike m'mbale ya madzi a mvula: madziwo akachita mbuu m'mphindi zochepa popanda kuwatakasa, pali sodiyamu. Dothi lokayezetsa ku Cedara pafupi ndi Pietermaritzburg, kapena ku Chitedze ndi ku Bvumbwe kwa a ku Malawi, titenge mapaketi awiri osiyana, lapamwamba ndi lapansi, ndipo tipemphe kuti ayezenso mchere ndi sodiyamu.