Geni ya maenvulopu akale: ndalama ili pa chidindo

Inu a pamsika mumadziwa kuti katundu aliyense ali ndi wogula wake, koma iyi yokha mwina simunaimvepo. Ku America kuli anthu amene amatulutsa madola kugula envulopu yakale, yoti kalata yake inatayika kalekale. Chimene akufunapo n'chidindo cha positi ofesi ya m'sitima yankhondo yapamadzi, basi.

Zinayamba m'chaka cha 1908 pamene boma la dzikolo linalola kuti sitima zake zankhondo zikhale ndi positi ofesi m'kati momwemo. Sitima iliyonse inapatsidwa chidindo chakechake chokhala ndi dzina lake komanso tsiku.

Imodzi mwa sitima zimene zinatchukitsa geniyi ndi USS Constitution, chisitima chamatabwa chimene anachiika pamadzi ku Boston mu 1797. Mu Ogasiti 1812 sitimayi inagonjetsa ya Angerezi yotchedwa HMS Guerriere, ndipo ati zipolopolo za mizinga zinkangonjanja pamatabwa ake. Apa m'pamene inapatira dzina loti Old Ironsides, kutanthauza nkhalamba ya nthiti zachitsulo.

Pofika cha m'ma 1920 matabwa aja anali ataola. Anthu anasonkha ndalama zoikonzera, ana asukulu nawo n'kuponyapo timakobiri tawo, boma n'kudzawonjezera. Pofuna kuthokoza, akuluakulu anaganiza zoti sitimayo izungulire madoko kuti eni ake aione.

Ulendowo unayamba mu Julaye 1931 n'kutha mu Meyi 1934. Gogoyu sankayenda yekha ayi, ankachita kukokedwa ndi sitima ina, USS Grebe, mpaka kudutsa ngalande ya Panama kukafika kunyanja ya Pacific. Anthu oposa 4 miliyoni anakwera kukaiona.

Tsono geni inagona apa. Kalaliki wa makalata m'sitimamo ankasintha mawu a pachidindo pa doko lililonse, kuikapo dzina la mzinda umene afika. Munthu ankalemba keyala yake pa envulopu, kumata sitampa, n'kuitumiza kwa kalalikiyo. Iye akadinda, envulopu ija imabwerera kwa mwini wake ili ndi umboni woti inachokera m'sitima yotchukayo, tsiku lakuti, padoko lakuti. Magulu a osunga masitampa ndi a amalonda m'mizindamo ankasindikizanso zithunzi kumanzere kwa maenvulopuwo. Chidwi chinakula moti mu 1932 anthu anakhazikitsa bungwe la Universal Ship Cancellation Society, lomwe lilipo mpaka lero.

Ndiye kuti aliyense amene ali ndi envulopu yotereyi walemera? Ayi ndithu. Tomato akachuluka pamsika mukudziwa chimene chimachitika. Maenvulopu a ulendo umenewu anadindidwa ochuluka zedi, choncho ambiri amagulidwa ndi madola ochepa chabe. Mtengo umakwera ngati pa doko limenelo panadindidwa ochepa, ngati chidindo chikuwerengeka bwino, kapenanso ngati envulopuyo inanyamula kalata yeniyeni ya msilikali yopita kwawo.

Pamene pali ndalama akamberembere sasowa. Zidindo zabodza zilipo, makamaka za masiku otchuka monga 7 Disembala 1941, tsiku limene ndege za Japan zinaphulitsa sitima za America ku Pearl Harbor. Ena anabweza tsiku pachidindo n'kudinda pambuyo pake. N'chifukwa chake wogula wochenjera amafufuza ngati sitimayo inalidi pamalopo tsiku limenelo. Amayang'ananso sitampa, chifukwa mtengo wotumizira kalata wamba ku America unakwera kuchoka pa masenti 2 kufika pa 3 mu Julaye 1932. Zikapanda kugwirizana, amayamba wafunsa asanapise m'thumba. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ife kuno nkhani ya sitima zankhondo siyachilendo. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitima ya Angerezi ya Guendolen inawombera ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa Liuli, kutsidya la nyanja yathuyi. Mfuti yake ikuonekabe pa Mangochi boma. Nthawi imeneyo makalata ochokera pamenepo ankadindidwa kuti Fort Johnston, a ku Nsanje ankadindidwa Port Herald. Mayina amenewa anachoka, zidindo zake sizidzadindanso.

Choncho mukapeza maenvulopu akale m'sutikesi ya agogo, kapena m'mapepala amene mwagula okulungira usipa ndi mandasi, yambani mwawerenga chidindo. Chachikulu, musamatule sitampa. Mukaichotsa mwang'amba tsiku ndi malo, ndipo chimene wogula amafunacho mwachiponya kudzala ndi manja anu.